Kusambira chagada kwa amayi aulumali: mendulo imayambira kunja kwa dziwe

Pa 29 Ogasiti 2024, tsiku loyamba la mipikisano pa masewero a anthu aulumali a Paralympic mumzinda wa Paris, mayi wa ku Singapore, Yip Pin Xiu, anasambira chagada mtunda wa mamita 100 m'mphindi 2 ndi masekondi 21.73. Womutsatira, Haidee Aceves wa ku Mexico, anakhudza khoma pa mphindi 2 ndi masekondi 21.79. Anasiyana ndi sekondi 0.06 yokha, nthawi yosakwana n'kuphethira kwa diso komwe. Patapita masiku awiri, amayi awiriwa anakumananso pa mamita 50, ndipo Yip anatenganso golide. Kanali kachitatu kotsatizana kuti atenge mendulo zonse ziwirizi, popeza anachita zomwezo ku Rio de Janeiro mu 2016 komanso ku Tokyo mu 2021.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka pang'ono. Mu Sepitembala 2025 mpikisano wa akatswiri osambira aulumali a dziko lonse unachitikira ku Singapore komweko, koyamba kuchitikira ku Asia. Pamaso pa anthu akwawo, Yip anapambana pa mamita 50, koma pa mamita 100 anagonja kwa Diana Koltsova wa ku Russia, yemwe ankapikisana popanda mbendera ya dziko lake. Otsatira masewerowa tsopano maso ali ku Los Angeles, kumene masewero a Paralympic otsatira adzachitikire mu 2028. Ambiri akufunsa ngati Yip adzathe kutenganso mendulo zake. Koma pali funso lina lomwe silimveka kawirikawiri pa wailesi: kodi amene amafika pamzere woyambira mpikisanowu ndi ndani, ndipo amene safikapo amatsalira pati?

Kuti funsoli limveke bwino, pafunika kudziwa kaye chifukwa chake kusambira chagada kuli ndi malo apadera pa masewero a anthu aulumali. Pa masambiridwe onse anayi a mpikisano, ndi chagada chokha pamene nkhope imakhala kunja kwa madzi nthawi yonse. Munthu amene sangathe kutukula mutu kapena kupotoza khosi kuti apume, akagona chagada amapuma momasuka. Madzi amamunyamula, ndipo thupi lomwe pamtunda limafuna chikuku ndi anthu awiri olikweza, m'dziwe limayenda lokha. N'chifukwa chake osambira amene ulumali wawo ndi waukulu kwambiri amapezeka kwambiri pa chagada. Ena mwa iwo, ngakhale pa mpikisano umene aliyense amaloledwa kusankha masambiridwe ake, amasankhabe kugona chagada.

Osambira sapikisana chisawawa. Bungwe la World Para Swimming limawaika m'magulu okhala ndi manambala. Kuyambira S1 mpaka S10 ndi magulu a ulumali wa ziwalo, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti ulumaliwo ndi waukulu. S11, S12 ndi S13 ndi a vuto la maso, pamene S14 ndi a ulumali wokhudza kaphunziridwe ndi kaganizidwe. Yip ali mu S2. Miyendo yake sigwira ntchito m'madzi, zala zake sizigwira mwamphamvu, ndipo amayendetsa thupi ndi mapewa ndi mikono basi. Ali ndi matenda a minyewa otchedwa Charcot-Marie-Tooth, omwe amafooketsa thupi pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Nthawi zake zimachitira umboni. Ku Rio anamaliza mamita 100 pa 2:07.09, ku Tokyo pa 2:16.61, ku Paris pa 2:21.73. Amene akuwerenga manambalawa angaganize kuti katswiriyu akulekerera. Ayi ndithu, akulimbana ndi adani awiri, wina mumzere woyandikana naye, wina m'thupi mwake momwe.

Malamulo a mpikisano salola miyendo kapena manja oikirira kulowa m'madzi. Aliyense amasambira ndi thupi lomwe ali nalo. Chomwe amaloledwa ndi thandizo poyamba. Pa chagada onse amayambira m'madzi, atagwira chitsulo cha pakhoma. Nanga wopanda manja agwira bwanji? Lu Dong wa ku China, yemwe anaduka mikono yonse iwiri pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 6, amaluma thaulo lomwe mphunzitsi wake wagwira ali pamtunda. Belu likalira amalitaya n'kuyamba kupalasa ndi miyendo, ndipo pomaliza amagunda khoma ndi mutu. Mwanjira imeneyi anatenga golide ku London mu 2012, ku Tokyo ndi ku Paris. Osambira a magulu a S1 mpaka S3 amathanso kugwiridwa mapazi ndi wothandizira kuti akhale pakhoma mpaka belu lilire, koma wothandizirayo akangokankha ngakhale pang'ono, wosambirayo amachotsedwa. A gulu la S11, omwe saona konse kapena amaona kuwala kokha, amavala magalasi odetsedwa kuti onse afanane, ndipo mbali zonse ziwiri za dziwe kumaima munthu ndi ndodo ya nsonga yofewa, yomwe amamugunda nayo wosambira pamutu kapena paphewa pomudziwitsa kuti khoma layandikira. Akachedwa kugunda, wosambira amavulala. Akafulumira, wosambira amatembenuka khoma lisanafike n'kutaya mpikisano.

Zonsezi zikuonetsa chinthu chimodzi chomwe kanema saonetsa bwino: mayi aliyense amene ali m'madzi ali ndi anthu kumbuyo kwake. Pali womukweza ndi kumutsitsa m'dziwe, womuveka zovala zosambirira, mphunzitsi amene waphunzira kuphunzitsa thupi losiyana ndi la ena, dokotala wolemba zikalata, ndiponso wolipira matikiti a ndege a anthu onsewa. Wothamanga wa vuto la maso amafunika bwalo, nsapato ndi womutsogolera mmodzi. Wosambira wa S2 amafunika dziwe la madzi oyera komanso ofunda, chifukwa matupi ambiri otere sapirira kuzizira, ndipo dziwelo liyenera kukhala lolowamo ndi chikuku kuyambira pachipata mpaka kuchimbudzi. Mendulo ya mtundu uwu ndi yodula isanapambanidwe n'komwe.

Chipata chachikulu pa zonse ndi kupimidwa kuja koika munthu m'gulu. Wosambira amaonekera pamaso pa akatswiri ovomerezeka, wina wa zachipatala ndi wina wodziwa za kusambira. Amamuyeza mphamvu ndi kayendedwe ka ziwalo ali pamtunda, kenako amamuona m'madzi, kenako amamuonanso pa mpikisano weniweni. Popanda kupimidwa kumeneku pa mlingo wa mayiko onse, nthawi yake siwerengedwa pofuna malo ku Paralympic, ngakhale atathamanga ngati nsomba. Ndipo akatswiri opimawa sapezeka paliponse. Amapezeka pa mipikisano ikuluikulu yovomerezedwa ndi World Para Swimming, yomwe yambiri imachitikira ku Ulaya, ku America, ku Asia ndi ku Australia. Mtsikana wa kumudzi ku Africa ayenera kupeza pasipoti, chilolezo cholowera m'dziko lachilendo ndi ndalama za ulendo wa anthu awiri, asanadziwe n'komwe gulu lake.

Kupimaku kumabweretsanso mikangano yake. Malire a magulu ndi mizere yolembedwa ndi anthu, ndipo amene wagwera m'mphepete mwa mzere moyo wake wa masewero umatha kusintha tsiku limodzi. Wokwezedwa kuchoka ku gulu lina kupita ku lotsatira amapezeka kuti dzulo anali woyamba, lero ndi wachisanu ndi chitatu, thupi lili lomwelo. Palinso mantha akuti ena amanamizira kufooka pamaso pa opima. Manthawa si opanda maziko. Ku Sydney mu 2000, timu ya basketball ya ku Spain inalandidwa golide zitadziwika kuti osewera 10 mwa 12 analibe ulumali womwe ankanena, ndipo chifukwa cha chinyengo cha anthu ochepawo, onse a ulumali wa kaganizidwe anatsekeredwa kunja mpaka 2012. Koma kukayikira kumapwetekanso osalakwa. Christie Raleigh Crossley wa ku America, amene anapambana mamita 100 a chagada mu gulu la S9 ku Paris, anadandaula poyera pa masewero omwewo kuti anthu ankamunyoza pa intaneti pomunena kuti si wolumala kwenikweni, chifukwa vuto lake la minyewa silioneka ndi maso. Bungwe la International Paralympic Committee linayamba kugwiritsa ntchito malamulo atsopano a kupima mu Januwale 2025. Malamulo olimba ndi abwino, koma kulimba kulikonse kumatanthauza zikalata zambiri za kuchipatala, ndipo zikalatazo n'zosavuta kwa wa ku London kusiyana ndi amene chipatala chake chilibe makina ojambulira ubongo.

Nkhani ya Teresa Perales wa ku Spain ikuonetsa mbali ina ya kupimaku, pamene kumagwira ntchito yake moyenera. Mayiyu miyendo yake inasiya kuyenda ali ndi zaka 19, ndipo wakhala akupikisana pa Paralympic kuyambira ku Sydney mu 2000. Ku Tokyo anatenga siliva pa mamita 50 a chagada mu gulu la S5, kumbuyo kwa Lu Dong. Pambuyo pake mkono wake wamanzere unasiyanso kugwira ntchito. Opima anamutsitsira ku S2, ndipo anayenera kuphunzira kusambira mwatsopano ndi mkono umodzi. Ku Paris, ali ndi zaka 48, anamaliza wachitatu kumbuyo kwa Yip ndi Aceves pa mamita 50. Imeneyi inali mendulo yake ya nambala 28, chiwerengero chofanana ndi cha Michael Phelps pa masewero a Olympic. Gulu la S2 likanapanda kukhala ndi mpikisano wakewake, Perales akanapuma pa ntchitoyi mkono uja utangofooka.

Ndipo apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa mipikisano ya magulu amenewa siikhala yotsimikizika. Okonza masewero amayang'ana kuchuluka kwa osambira ndi mayiko amene ali nawo m'gulu lililonse. Akachepa, mpikisanowo umaphatikizidwa ndi wa gulu lapamwamba kapena kuchotsedwa. Yip zinamuchitikirapo. Mu 2008 ku Beijing, ali ndi zaka 16, anapatsa Singapore golide woyamba m'mbiri ya dzikolo pa Paralympic, pa mamita 50 a chagada mu gulu la S3, lomwe analimo nthawi imeneyo. Ku London mu 2012 mpikisano umenewo kunalibe. Katswiri wa dziko lonse anasowa poteteza ulemu wake, anapikisana pa masambiridwe ena n'kubwerako chimanjamanja atamaliza wachinayi kawiri. Ku Paris mu 2024 amuna a gulu la S1 anali ndi mipikisano yawo iwiri ya chagada, koma amayi a S1 analibe ndi umodzi womwe. Mayi wa S1 wofuna kupikisana anayenera kulowa mu S2, kukalimbana ndi anthu amphamvu kuposa iye.

Okonza masewero anganene kuti sangapereke mendulo pa mpikisano wa anthu atatu, ndipo mfundoyo ndi yomveka. Ku Rome mu 1960, pa masewero oyamba a Paralympic, Margaret Maughan wa ku Britain anatenga golide pa mamita 50 a chagada atasambira yekhayekha m'dziwe, popanda wopikisana naye. Palibe amene akufuna kubwerera kumeneko. Komabe vutoli limadzibereka lokha. Mpikisano ukachotsedwa, mayiko amasiya kuphunzitsa amayi a gulu limenelo, chifukwa palibe mendulo yoti akatenge. Akasiya kuwaphunzitsa, chiwerengero chimatsika, ndipo okonza amapeza umboni wakuti anachita bwino kuuchotsa. Kuchepa kwa amayi a S1 ndi S2 m'madziwe a mpikisano sikutanthauza kuti pa dziko lapansi amayi otere ndi ochepa. Ambiri ali m'nyumba, kumayiko amene sanawawerengepo ngati osewera.

Mayiko amene akupambana ndi amene anaganiza zoika ndalama, ndipo nthawi zina anachita kukakamizidwa. Singapore ndi kadziko kakang'ono, kochepa kuposa boma la Angónia, koma kolemera kwambiri. Ngakhale kumeneko nkhondo ya mphoto inatenga zaka. Pa golide wa Paralympic wa mu 2016, Yip ankalandira madola a ku Singapore 200,000, pamene Joseph Schooling, yemwe anapambana pa Olympic chaka chomwecho, analandira 1 miliyoni. Anthu anadandaula, nkhani inafika ku nyumba ya malamulo, kumene Yip mwiniwake anakhalako phungu wosankhidwa kuyambira 2018 mpaka 2020. Mu 2021 banki ya DBS inawonjezera ndalama, mphoto n'kufika pa 400,000, ndipo kenako inakwera kufika pa 500,000, zomwe ndi ndalama zoposa mameticais 20 miliyoni. Ndi theka chabe la mphoto ya Olympic mpaka pano, koma kholo la mwana waulumali ku Singapore likuona kuti kusambira kungakhale ntchito.

Chitsanzo cha Brazil n'chapafupi kwa anthu olankhula Chipwitikizi. Kuyambira mu 2001 lamulo la dzikolo limapatula gawo la ndalama za lotale kupita ku masewero, kuphatikizapo a anthu aulumali, ndipo mu 2016 anatsegula malo aakulu ophunzitsira osewera aulumali mumzinda wa São Paulo. Ku Paris Brazil inamaliza yachisanu ndi mendulo 89, mwa izo 25 za golide. Mmodzi mwa opambana anali Carol Santiago wa ku Recife, wa vuto la maso, amene anatenga golide pa mamita 100 a chagada mu gulu la S12. Chochititsa chidwi n'chakuti mayiyu analowa masewero a anthu aulumali atapitirira kale zaka 30. Pa kusambira kwa anthu opanda ulumali, wa msinkhu umenewo amakhala akutsanzika. Apa khomo silitsekeka msanga, bola pakhale wina wolitsegula.

Ku Africa, dzina lodziwika kwambiri ndi la Natalie du Toit wa ku South Africa, amene anadulidwa mwendo wamanzere mu 2001 atagundidwa ndi galimoto ali pa njinga yamoto. Anapeza mendulo 13 za golide pa Paralympic, ndipo mu 2008 anapikisananso pa Olympic. Pa chagada anatenga siliva ku Athens mu 2004. Mnzake wa dziko lomwelo, Kat Swanepoel, anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 50 a chagada mu gulu la S4 ku Manchester mu 2023. Kunja kwa South Africa mayina ndi owerengeka. Husnah Kukundakwe wa ku Uganda anali wamng'ono kwambiri pa osewera onse a ku Tokyo, ali ndi zaka 14, ndipo anatchuka mwa zina chifukwa zinali zachilendo kuona mtsikana wa kum'mawa kwa Africa m'dziwe la Paralympic.

Mozambique inayamba kupita ku masewerowa mu 2012. Mendulo yake yoyamba inabwera mu 2016, pamene Edmilsa Governo, wothamanga wa vuto la maso, anamaliza wachitatu pa mamita 400 ku Rio. Ku London, ku Rio ndi ku Tokyo, onse amene dziko lino linatumiza anali othamanga. Malawi nayo inayamba mu 2016 ndi wothamanga, Taonere Banda. Izi sizinachitike mwangozi. Komiti yokhala ndi ndalama zochepa imasankha masewero otsika mtengo, ndipo imasankha osewera amene angakwere minibasi okha. Palibe amene angaidzudzule kwambiri komitiyo pa masamu amenewa. Koma zotsatira zake n'zakuti ngakhale pakati pa anthu aulumali pamakhala kusankhana, ndipo amene ulumali wawo ndi waukulu, makamaka amayi, ndi omwe amatsala kumapeto kwa mzere.

Sikuti anthuwo kulibe. Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu aulumali oposa 700,000 m'dziko lino. Zomwe zinalumalitsa amayi omwe amaima pa nsanja ya mendulo si zachilendo m'midzi ya m'malire. Ellie Challis wa ku Britain, wopambana mamita 50 a chagada mu gulu la S3 ku Paris, anadulidwa manja ndi miyendo atadwala matenda oumitsa khosi ali ndi miyezi 16. Jiang Yuyan wa ku China, amene anatenga golide 7 ku Paris kuphatikizapo wa chagada mu gulu la S6, anataya mkono ndi mwendo atagundidwa ndi galimoto ali kamwana. Miyuki Yamada wa ku Japan anabadwa wopanda mikono, ndipo anatenga siliva kumbuyo kwa Yip ku Tokyo ali ndi zaka 14. Matenda oumitsa khosi, ngozi za pamsewu ndi ulumali wobadwa nawo zonse zilipo ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde. Kuno kukuwonjezeka mabomba okwirira pansi, omwe ntchito yowachotsa inalengezedwa kuti yatha mu 2015, komanso poliyo, yemwe anabukanso m'chigawo cha Tete mu 2022 atangopezeka ku Lilongwe. Kusiyana kwa Challis ndi mtsikana wa ku Domwe amene anadwala matenda omwewo sikuli m'thupi.

Wina anganene kuti madzi ndiye ali mbwee kuno: Zambezi, Revúbuè, nyanja ya Cahora Bassa, ndi nyanja ya Niassa kumpoto. Ana a m'mbali mwa madziwa amadziwa kusambira asanayambe sukulu. Koma mtsinje si dziwe la mpikisano. Muli ng'ona ndi mvuu, muli likodzo, madzi amathamanga, ndipo gombe lake chikuku sichingatsikepo. Kholo lililonse la nzeru silingalole mwana wosayenda kulowa m'madzi otero, ndipo likunena zoona. Kwa mtsikana pamawonjezeka nkhani ya zovala, ya womunyamula ngati ali mwamuna, ndi ya pakamwa pa anthu. Dziwe la mamita 50 la Zimpeto, lomwe linamangidwa pokonzekera masewero a mayiko a mu Africa a mu 2011, lili ku Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Maiwe ang'onoang'ono a m'mahotela ndi m'makalabu ndi olipira, ndipo mtengo wa tsiku limodzi mlimi amauyerekeza ndi ndowa za chimanga.

N'zoona kuti banja lomwe likusowa feteleza silingaike kusambira patsogolo, ndipo boma lomwe zipatala zake zikusowa mankhwala silingayambe ndi kukumba maiwe m'maboma onse. Aliyense wolonjeza mendulo ya kusambira ku Los Angeles akunama. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Kupanga katswiri wa dziko lonse n'kodula. Kuphunzitsa mwana waulumali kugona chagada pamadzi, kupuma modekha ndi kudziyendetsa mpaka pa gombe si kodula choncho, ndipo phindu lake silidikira mendulo. Madokotala olimbitsa ziwalo amagwiritsa ntchito madzi pothandiza minofu youma ndi mfundo zopweteka. Masewero a Paralympic enieniwo anayambira m'chipatala, ku Stoke Mandeville ku England mu 1948, pamene dokotala Ludwig Guttmann anaona kuti odwala msana amachira bwino akamasewera. Ndipo m'chigawo chomwe namondwe Ana anagwetsa mlatho wa Revúbuè mu Januwale 2022, kudziwa kuyandama chagada si masewero chabe kwa munthu amene sangathawe madzi ndi miyendo.

Pa mapepala dziko lino linavomera kale. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo panganolo limatchula mwachindunji ufulu wochita nawo masewero ndi kulowa m'malo ochitira masewero. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali, lomwe mabungwe monga FAMOD analimenyera kwa zaka zambiri. Poyesera lamuloli si pa zolankhula za pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali, pamene akuluakulu amagawa zikuku pamaso pa atolankhani. Poyesera pake ndi pa zinthu zing'onozing'ono zoti munthu angathe kuziwerenga: ngati dziwe lomwe lilipo kale lili ndi njira ya chikuku, ngati maphunziro a aphunzitsi a kusambira ali ndi gawo la anthu aulumali, ngati mpikisano wa dziko lino uli ndi mzere ngakhale umodzi wa osambira otere, ngati makampani a malasha a ku Moatize ndi a magetsi a ku Songo anapemphedwapo kulipira maola angapo a dziwe pa sabata.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ingakhale yoti mayiko oyandikana agwirizane. Kutumiza osambira asanu ndi owathandizira awo ku Ulaya kukapimidwa kumadya ndalama zambiri kuposa kuitanitsa akatswiri opima awiri kapena atatu ku mpikisano umodzi wa m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa, kumene Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe angabweretse osambira awo pa basi. South Africa ili kale ndi maiwe ndi aphunzitsi odziwa ntchitoyi. Zimenezi zingapindulitsenso mayiko olemera aja, ngakhale sakuziona choncho. Mpikisano wa Yip ndi Aceves ndi Perales udzapitirira kukhalapo pokhapokha mayiko ambiri atakhala ndi amayi m'gulu limenelo. Mtsikana mmodzi wa S2 wochokera ku Africa, ngakhale atamaliza womaliza, amawonjezera dziko limodzi pa mndandanda umene okonza masewero amayang'ana posankha mpikisano wosunga ndi wochotsa.

Malamulo a Paralympic amasiyanso malo ochepa oitanira osewera a mayiko amene sanakwanitse nthawi yofunika, pofuna kuti mbendera zichuluke. Koma ngakhale malo oitanidwawa amaperekedwa kwa munthu amene analembetsedwa ndi komiti ya dziko lake, anapimidwa, ndipo ali ndi nthawi yolembedwa pa mpikisano wovomerezeka. Masewero a ku Los Angeles adzatsegulidwa pa 15 Ogasiti 2028 ndi kutsekedwa pa 27 Ogasiti, ndipo mayina a osambira amatsekedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Nthawi imeneyo Yip Pin Xiu adzakhala ndi zaka 36, Teresa Perales zaka 52.